Tsitsi la Abambo

Amayi,

Kodi kumene muliko kwacha bwanji? Kuno tilipo, ena bwino, ena choncho.

Ndiyambe ndi kuwongola nkhani imodzi isanakhazikike m'makutu mwanu. Amayi a Gondwe, aja munkakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi, anakutsatirani mwezi watha, ndipo ine ndimawadziwa, sanafike kumeneko chimanjamanja. Ngati akuuzani kuti Enelesi anataya abambo ake kunyumba yosungira okalamba ku Chegutu kuti apeze mpata woyendayenda, muwapatse mpando, muwamvere mwaulemu, koma musakhulupirire. Nkhaniyi anaiphika ndi azakhali aNaphiri, ndipo yazungulira komboni yonse ya Rimuka ku Kadoma mpaka yafika kwa anthu amene sanawaonepo abambo nkhope. Ine sindinawataye. Wotaya chinthu sacheuka.

Ndipo mlandu wina ndi wanu, Amayi, ngakhale mukwiye. Munatibisira. Tikabwera kudzakuonani n'kupeza abambo akufunsa funso lomwelomwelo, inu munkangoti, “Atopa, mgodi unawadya mutu.” Munkawatsekera chitseko mochenjera, munkawabisira majombo, munkawayankhira anthu asanazindikire kanthu. Titakuikani m'manda ndi pamene tinaona kukula kwa katundu amene munkasenza nokha. Abambo ndinawatengera kuchipinda changa. M'mawa uliwonse ankati wezulo ya kumgodi yalira, achedwa shifiti. Ine ndinkayenera kupita kumsika kukagulitsa kaunjika, ndiye ndinkawasiya ndi oyandikana nawo nyumba, amene anatopa msanga. Tsiku lina ndinapeza chitseko chili pululu. Anawapeza anyamata okumba golide, makorokoza aja, kumsewu wa ku Chakari, atakhala pamlomo pa dzenje, miyendo ili lende m'kati, akuwakalipira m'Chilapalapa, chinenero cha kumgodi chija, kuti sanachirikize denga ndi mitengo. Anyamatawo anawabweretsa pagalimoto, akuseka, koma ine sindinaseke.

Azakhali anati si matenda amenewa, ndinu mukuwaitana. Ndinawapempha kuti, popeza ndi mlongo wawo, awasunge sabata imodzi yokha ine ndipume. Pomwepo magazi awo anakwera. Amakwera bwino magazi a azakhali, amadziwa nthawi yake. Malo a ku Chegutu anawapeza ndi Fanuwelo, mwana wanu wa ku Ngezi, ndipo ndiye amalipira. Iye palibe amamunena. Mwana wamwamuna akapereka kholo kwa alendo amati wasamala. Wamkazi amati wataya.

Ndisakudyetseni zowawa zokhazokha. Mkazi wa Fanuwelo anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha Rute, dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chomwecho, chotsogola ngati chikufuna kufika msanga. Akamayamwa amakwinya nkhope monga munkachitira polowetsa ulusi m'singano. Mayi ake amamulankhula Chishona chokha, ndipo Fanuwelo naye Chichewa chake chatsala cha moni ndi cha mkwiyo. Ine ndikamunyamula ndimamunong'oneza chathu m'khutu. Mwina china chidzakanirira.

Kamunda kanu ka m'mbali mwa njanji ndinalima. Chimanga chinapserera, mvula inadula chikuyamba ngaiyaye, ndipo chochepa chimene chinapulumuka anatithandiza kukolola ndi akuba. Koma mbatata zija munatenga mbewu yake ku Battlefields zinabereka mochititsa manyazi. Ndinakumba mpaka msana unakana. Ndinagawira ngakhale azakhali, amene anati n'zamadzimadzi, n'kutumiza mdzukulu kudzatenga zina. Nkhwani ndinafutsa monga munandiphunzitsira, koma mfutso wanga sununkhira ngati wanu. Sindidziwa chimene munkachita chimene simunandiuze. Ndinadutsanso kukomboni yathu yakale ku Chakari. Mtengo wa mango uja anaudula, ndipo pakhomo pathu pali anthu amene anandifunsa kuti ndikufuna ndani.

Tsopano za abambo.

Nyumbayo ili kumapeto kwa tauni, inali ya mzungu wa pafamu. Kutsogolo kuli maluwa ndi chipinda cha alendo chopukutidwa bwino, mwakuti munthu ukangofika pamenepo umabwerera mtima uli m'malo. Okalamba ali kuseri. Mbali ya amuna, masana, imakhala ndi atsikana awiri, ndipo nthawi zina mmodzi. Sakhalitsa. Amaphunzirira ntchito pa matupi a makolo athu, kutembenuza, kusambitsa, kudyetsa, ndipo dzanja likangozolowera amapeza mapepala n'kupita ku Ingalande kukasamalira makolo a azungu. Sindiwada. Ndikanakhala ndi msinkhu wawo bwenzi nanenso ndili pamzere wa pasipoti. Koma zotsatira zake n'zakuti amene wadziwa lero kuti abambo sadya phala lopanda mchere, mwezi wamawa kulibe.

Mukukumbukira tsitsi la abambo. Loweruka madzulo munkawakhazika pachitini pansi pa mango, thaulo paphewa, inu ndi sizasi yanu yakuda ija. Munkangodulira m'mbali, pamwamba n'kusiya, kenako iwo ankatenga chipeso n'kung'amba seda yawo mosamala ngati akuyeza malire a munda. Munkati, “Mwamuna uyu chuma alibe, koma mzere ali nawo.” Mpala sankameta wamba. Pa moyo wanga ndinawaona ndi mutu wopanda tsitsi pa maliro pokha: uthenga utafika mochedwa kuti amayi awo anamwalira ku Dedza, pamene anadzimeta okha kuseri kwa nyumba chifukwa panalibe wachibale wowameta, titaika mwana wanu Joni, ndiponso titakuikani inu. Tsiku limenelo anawameta ndi anzawo a kubungwe la maliro, ndipo mutu wawo unali bwinobwino, ankadziwa chimene chachitika. Analira monga mwamuna amalirira mkazi wake, kamodzi, mokwanira. Kenako matenda anawachitira chifundo, anaiwala.

Ndinapita kukawaona Lamlungu lina n'kuwapeza atakhala pansi pasimenti, nsapato atavula, mbale ya sadza, nsima ya kuno, ili pambali yosakhudzidwa. Mutu uli mbee. Chishona chinawathawa kale, Amayi, ndi Chingerezi cha kumgodi chomwe. Chatsala ndi Chichewa cha ku Dedza, chija ankalankhula ndi inu nokha. Atandiona anadzisisita pamutu n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, “Iwe, tameta maliro a yani?”

Mtsikana amene anali pantchito, dzina lake Rumbi, anandifotokozera. Kumeneko amuna onse amawameta mpala, tsiku limodzi, pamzere, ndi makina. Abambo atametedwa anadzigwira pamutu n'kuyamba kufunsa. Rumbi Chichewa sadziwa, koma mawu akuti maliro anawamva, ndi dzina lanu analimva. Anawayankha zoona, chifukwa anawaphunzitsa kuti wodwala sanamizidwa. “Ndinangowauza kuti gogo anatisiya kale,” anatero, manja ali m'thumba la yunifolomu. “Nanga ndikanati chiyani?”

Chimene chinawapweteka abambo si imfa yokha ayi. Kwathu kumeta kumabwera maliro ataikidwa. Ndiye iwo, popeza mutu wametedwa kale, anaona kuti zonse zatha iwo kulibe. Anandigwira mkono n'kunena kuti, “Mwaika mkazi wanga osandiuza? Ndinalakwa chiyani kwa akuchikazi?” Ndinawauza kuti analipo, anaponya dothi ndi dzanja lawo. Anati ndikunama. Anakana kudya. Anati munthu amene sanaone manda a mkazi wake alibe pakamwa podyera.

Zimatenga masiku. Amangomwa madzi, nawonso mokakamiza. Kenako tsitsi limayamba kumera, chisoni chimasungunuka pamodzi ndi chikumbukiro, amayambanso kudya, amafunsa kuti mwapita kuti. Thupi likangoti libwerere, tsiku la makina lafika. Amayi, inu munamwalira kamodzi, koma abambo akuikani m'manda kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse amachedwa pa maliro anu. Jekete lawo la tchalitchi lija tsopano mukhoza kulowamo anthu awiri.

Ndinapita kwa a Matroni, amayi oyang'anira nyumbayo. Mukundidziwa. Ndinatulutsa Chingerezi chonse chimene ndinabwera nacho ku yunivesite, chija chakhala chikuchita dzimbiri kumsika. Ndinawauza za ulemu wa munthu, za ufulu wa wodwala, za malamulo amene ndinawerenga zaka ziwiri zija ndisanasiye. Ndinawafunsa ngati amameta anthu kapena nkhosa. Iwo anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya. Kenako anati nsabwe zikalowa m'nyumba ngati imeneyo sizituluka, kuti ena mwa madalawo amamenya ukawayandikira ndi chipeso, ndipo mtsikana mmodzi sangapese mitu yonseyo pamene wina wadziipitsira pabedi ndipo wina akutsegula geti. Komabe anavomera. Analemba pepala n'kumata pamwamba pa bedi la abambo kuti asametedwe.

Pepalalo linagwira ntchito mpaka tsiku limene anasuntha mabedi pokolopa. Mdala wina wa ku Mhondoro anasunga tsitsi lake mwezi wonse, abambo n'kumetedwa. Ulendo wina anawameta mtsikana wobwereka kumbali ya akazi. Ulendo winanso sindinafunse n'komwe. Ndinalowa mu ofesi osagogoda, ndipo zimene ndinanena sindingazilembe m'kalata yopita kwa inu. A Matroni anavula magalasi n'kundiyang'ana. “Mwanangu, pakamwa uli napo, ndamva. Nanga manja uli nawo? Wina wasiya ntchito, wandisiyira makiyi dzulo.”

Ndinatuluka osatsazika. Ine, Enelesi, amene aphunzitsi ankawerenga mayeso anga pamaso pa kalasi, ndizikatawasa nkhalamba? M'kombi yobwerera ku Kadoma ndinakangana ndi kondakitala pa nkhani yopanda pake. Koma pofika pakhomo ndinakumvani. Munkakonda kundiuza kuti, “Lilime lako limafika kumunda dzuwa lisanatuluke, khasu n'kufika masana.” Ndinkadana nawo mawu amenewo. Ndimadana nawobe.

Benchi langa la kumsika ndinasiyira mnzanga. Ndinapeza kachipinda ku Chegutu. Tsiku loyamba ndinanyamula mapepala anga onse m'envulopu, a sekondale ndi a zaka ziwiri zija. Palibe anawatsegula. Anangondifunsa ngati msana wanga uli bwino, n'kundipatsa yunifolomu ya amene anachoka, dzina lake likadali pachifuwa. Maphunziro anga onse a ntchitoyi anali kutsatira Rumbi m'mawa umodzi. Azakhali atamva akuti anaseka mpaka kutsokomola. Paja amanditcha “a Loya”. Tsopano akuti a Loya apeza khoti lowayenera. Koma onani, Amayi, nkhani yoti ndinataya abambo sanaisiye. Amanena zonse ziwiri, m'mawa ina, madzulo ina.

Ntchitoyi yandiphwanya, ndipo sindikunena msana wokha. Ndinkati atsikanawa ndi aulesi. Ena ndi aulesidi, foni siichoka m'manja. Koma Rumbi si waulesi. Ndamuona akudyetsa anthu awiri nthawi imodzi, supuni kumanja, supuni kumanzere, phazi litatchinga chitseko. Tikayamba kusambitsa m'mawa, pofika kwa womaliza madzi azizira ndipo woyamba wadzinyowetsa kale. Phala limafika lotentha kwa amene ali pafupi ndi khitchini. Pali mdala wina amene amamumangirira pampando ndi chitenje. Sabata yoyamba ndinamumasula, ndikutukwana mumtima amene anamumanga. Ndili kuchimbudzi ndi wina, iye anadzuka, anagwa, n'kung'ambika pachipumi. Ndinamutsuka, ndipo ndinamumanganso ndekha. Ndinamanga mfundo yofewa, ngati zimenezo zili ndi phindu.

Chimene simungakhulupirire n'chakuti ambiri mwa madalawa ndi athu. A m'migodi, a m'mafamu, a ku Nyasalande ndi a ku Mozambiki, anthu amene anakalambira m'nyumba za kampani ndipo alibe mudzi woti abwerereko. Ena sanaonepo mlendo chilowereni. Tsiku lina ndikukolopa ndinayamba kung'ung'udza nyimbo ija munkaimba pochapa, ndipo mitu inadzuka m'mabedi ngati nkhuku zamva chimanga. Mdala wina amene atsikana ankati ndi wosalankhula anandiitana ndi dzanja n'kundifunsa ngati kwathu mvula yagwa. Ndinati yagwa. Anati, “Basi tibzale,” n'kugonanso.

Makina ometera ndinawalanda, tsopano ndi ntchito yanga. Sindikunamizani, ambiri ndimawameta ndithu, chifukwa a Matroni sananame za nsabwe. Koma athuwa ndimawasiyira kanthu pamwamba, koti dzanja likafika lipeze. Abambo okha ndimawatulutsa pakhonde. Sizasi yanu ndinaitenga m'kabati muja, ndinainoletsa. Ndimawakhazika pampando, thaulo paphewa, n'kudulira m'mbali. Tsitsi labwerera, loyera lonse, lofewa ngati la mwana, ndipo seda yayambanso kuoneka. Amang'amba okha. Dzanja limene silithanso kumanga batani limadziwabe pamene mzere umadutsa. Akudya. Dzana anamaliza mbale n'kuloza ya mnzawo.

Sandidziwa masiku onse. Nthawi zina ndine Enelesi, nthawi zina ndine nesi, nthawi zina ndine mtsikana wopanda mwambo amene akugwira mutu wa mwamuna wa mwini. Koma dzanja langa amalidziwa kuti si lanu. “Iwe umakoka,” amatero. “Amake Joni sakoka.” Kenako amafunsa kuti muli kuti.

Apa mundikhululukire. Inu simunkalola bodza m'nyumba, munkati bodza lili ngati mbuzi ya mnzako, ukaisunga usiku umodzi imadya ndiwo zako. Koma ine ndimawauza kuti mwapita ku Battlefields kukaona abale, mubwera ndi basi yamadzulo. Atsikana onse ndawauza kuti aziyankha chomwecho, ndipo a Matroni anangoyang'ana kumbali. Abambo akamva amapukusa mutu. “Mkazi ameneyu akapita ku Battlefields amaiwala kuti anakwatiwa.” Amadandaula kuti mukakhala mukucheza mpaka basi ikusiyani, kuti mukabwera ndi nkhani za anthu onse koma mchere mwaiwala. Amabisa chidutswa cha buledi m'thumba la jekete kuti mudzadye pofika. Ndimachichotsa akagona, chifukwa cha nyerere.

Ndipo pali chinthu chimene sindinauze munthu. Akamalankhula choncho, ine nditaima kumbuyo kwawo ndi sizasi, nanenso ndimayang'ana kugeti. Kwa kanthawi ndithu mumakhala muli ku Battlefields. Ndimakuonani mukutsika basi, mpango utapendekeka, thumba la mbatata pamutu, mukukalipira kondakitala kuti wakutsitsirani patali. Ndimayamba kukonza zoti ndikuuzeni. Bodzali ndinalipangira iwo, koma amene akulidya kwambiri ndine. Pakhonde pamenepo ndi malo okhawo padziko pano pamene inu mukadali moyo, ndipo tsitsi ndimalidula pang'onopang'ono dala.

Ndikufuna kukufunsani zambiri. Munkatani akakana kusamba? Munkagona nthawi yanji? Ndani ankakufunsani inuyo ngati mwadya? Ine ndinkabwera pa Khirisimasi ndi malaya a kaunjika ndi madandaulo anga a dziko limene silinandipatse zimene ndinkayenera, ndipo inu munkandimvetsera, kumachita kundithira tiyi, pamene m'nyumba momwemo munali ndi ntchito imene kuno imatha atsikana awiri osinthana. Nditasiya sukulu simunandifunse chifukwa. Munangoti, “Wabwera? Sambatu, madzi ali pamoto.” Palibenso amene amandilandira choncho. Ndikalakwitsa palibe amandidzudzula mondifuna. Ndatsala ndi anthu amene amandiopa ndi amene amandiseka, ndipo onsewo ndimawayankha bwino lomwe, koma pobwera madzulo m'kachipinda muno mulibe woti ndimuuze mmene ndawayankhira.

Mwala wa pamanda anu Fanuwelo akuti tiika mvula ikatha. Ndamuuza kuti alembe dzina lanu mwa Chichewa, Rute, asalole wosema alikhotetse. Abambo sitidzawatenga. Ena adzanena, ndikudziwa, ndipo ndawakonzera kale yankho.

Mupereke moni kwa Joni. Mumuuze kuti abambo amamutchula kuposa ife amoyo. Amayi a Gondwe muwauze kuti ndawakhululukira, koma asazolowere.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani kuposa mmene pakamwa panga pangavomerezere pagulu. Ndikulonjeza kuti pamene manja angawa ali pamutu pa abambo, sadzakuliraninso. Adzakudikirani basi, atapesa bwino, mpaka tsiku limene mudzawatsegulire nokha.

Ine mwana wanu,
Enelesi

Kalatayi ndinailemba dzulo, tsiku langa lopuma. Rumbi anapeza mapepala ake a ku Ingalande n'kuchoka, ndipo dzulo lomwelo kunayamba mtsikana watsopano. M'mawa uno ndapeza abambo atametedwa.